Mayina Odulidwa ndi Sizasi ya Telala

Moni sagula, ndipo munthu woleredwa bwino amayankha moni ngakhale wa mdani wake. Lamulo limeneli ana amalidziwa asanaphunzire kuwerenga. Koma m'mawa wa Lolemba lija, Telala, bambo wa zaka makumi asanu, wapampando wa nthambi ya chipani m'dera lonselo, analiphwanya pamaso pa mkazi wake, ndipo amene anamuchitira zimenezi anali mng'ono wake wa bere limodzi.

Mng'onoyo, Kalipentala, anaima pakhomo la chipinda chosokeramo, chipewa chili m'manja, envelopu yaikulu ili m'khwapa.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?"

Makina anapitiriza kulira.

"Ndati mwadzuka bwanji, achimwene?"

Telala anaweramira pa singano ngati kuti mpendero wa buluku limene ankasoka unali chinthu chovuta kuposa zonse pa dziko lapansi. Kalipentala anapereka moni kachitatu, ndipo kachitatu konse anayankhidwa ndi chitsulo. Basi anayamba kulankhula ndi msana wa mkulu wake.

"Ndabweretsa chikalata chija chopempha mahampu ochepetsa liwiro la galimoto pamsewu wa pasukulu. Anthu amene asaina akwana mazana awiri ndi khumi ndi anayi. A Khansala akuti chikhale ndi chidindo cha nthambi, ndipo mukachitule nokha ku khonsolo lisanadutse Lachisanu la sabata yamawa, poti komiti ya misewu ikumana Lolemba lotsatira. Tikaphonya pamenepo, mahampuwo apita kwina, ife tidikira chaka china."

Telala analoza thebulo ndi chibwano. Kalipentala anaika envelopuyo pambali pa sizasi, natsanzika mlamu wake amene ankasita zovala pakona, n'kutuluka mwakachetechete.

Mayiyo anaimika simbi yake ya makala pa njerwa, nagwira m'chiuno.

"Kodi makutu agontha liti, bambo?"

"Ndimagwira ntchito."

"Ntchito yanu imagwiridwa ndi miyendo ndi manja. Pakamwa panali pa tchuthi. Dzulo lomweli munacheza ndi wogulitsa mabatani ola lathunthu makina akuyenda, lero mwalephera liwu limodzi kwa alamu?"

"Amene akulandira moni wa a Khansala safuna moni wa telala."

"Ehe! Chatuluka chimene chinatsakamira pakhosi."

"Inde, chatuluka!" Telala anachotsa mapazi pa chopalasira, natembenuka. "Zaka khumi ndi ziwiri, mayi. Zaka khumi ndi ziwiri ndikusenza mabenchi a misonkhano. Mbendera zonse za chipani zimene mukuziona mumsewu uno zinadutsa pansi pa singano iyi. Ndavumbwa ndi mvula ndikuitana anthu khomo ndi khomo. Loweruka galimoto ya a Khansala yadutsa pakhomo panga pano, kundisiyira utsi wokha, n'kukaima pa shedi ya munthu amene sadziwa ngakhale nyimbo imodzi ya chipani. Inakhala pamenepo mphindi makumi anayi. Ndinawerenga."

"Munawerenga? N'chifukwa chake diresi la eni lija linatuluka mkono umodzi wautali."

"Sekani. A Khansala akupuma chaka chino, ndipo chisankho cha chipulula chayandikira. Mukuganiza kuti akusaka chiyani m'mashedi a akalipentala? Mipando yokhalira? Kale anthu ankati, 'Uyo ndi mng'ono wawo wa a Telala.' Lero akuti, 'Awo ndi akulu ake a Kalipentala.' Ine amene ndinamuberekapo kumsana! Ine amene ndinamuphunzitsa kumanga zingwe za nsapato!"

"Alamu sakufuna mpando, akufuna kuti malole azitsika pang'onopang'ono. Chiikireni phula, amatsika mtsetse uja ngati akuthawa moto, ndipo sukulu ili tsidya linalo. Mwezi uno wokha tachotsapo mbuzi ziwiri ndi njinga yopindika ngati waya. Tidikire mpaka tidzachotsepo mwana?"

"Atambala awiri salira m'khola limodzi."

"Inu si tambala, ndinu bambo wa ana anayi. Chibale ndi fupa, sichiola. Dindani pepalalo, mukalitule, ndipo pobwerera mukadzere kwa alamu mukapepese."

Telala anadzuka pa makina. Anatenga envelopuyo, naiika m'dilowa ya pansi, kunsi kwa zidutswa za nsalu.

Pano n'koyenera kunena poyera choipa chimene chinapatsa nsanje imeneyi mpeni. M'dera limenelo unali utakhazikika mchitidwe woti pempho lililonse, kaya la mpopi, kaya la mlatho, lidzere kwa wapampando wa nthambi ya chipani lisanafike ku khonsolo. Palibe lamulo limene linanena choncho. Anthu anangozolowera, monga mmene phazi limazolowerera nsapato yothina. Motero moyo wa ana owoloka msewu unapachikidwa pa kachidindo kosaposa bokosi la machesi, ndipo kachidindoko kanali m'thumba la munthu wodwala mtima. Lole yotsika mtsetse sifunsa khadi la chipani, koma anthu anaiwala zimenezo.

Masana mkazi wake atapita kumsika, Telala anatulutsa chikalatacho, nawerenga masamba onse asanu ndi atatu. Ena anasaina mokongola, ena anadinda chala. Pamwamba pa tsamba loyamba wina analemba ndi zilembo zazikulu kuti wotsogolera ntchitoyi ndi Kalipentala. Telala anayang'ana mzere umenewo nthawi yaitali, ndipo dzina lake iye sanalipeze paliponse, poti anali asanasaine.

Lachisanu lomaliza litafika, anavala jekete yake ya misonkhano, nakwera minibasi anthu akuona. Kutauni anagula ulusi, mazipi ndi choko, nayenda mpaka pa geti la khonsolo, naliyang'ana, n'kubwerera. Envelopu inali itatsala m'dilowa.

Atatsika minibasi anapeza Kalipentala akumudikira, utuchi uli mbuu m'tsitsi.

"Mwayenda bwanji, achimwene? Alandira?"

"Ndatula."

"Mwachita bwino zedi. Kapena akupatsani kapepala kosonyeza kuti alandira?"

"Iwe, wayamba liti kundifunsa ngati wapolisi? Ndinayamba kulowa m'maofesi amenewo iwe ukuseweretsa timisomali."

"Pepani, achimwene, sindinatanthauze zimenezo. Zikomo kwambiri."

Bodza limafuna mnzake woti lizitsamirapo. Telala anadziwa kuti mahampu akapanda kubwera anthu adzafunsa, choncho anayamba kukonza yankho nthawi isanakwane. Malo ake ofesera anali abwino, pakuti munthu amene wazunguliridwa ndi tepi m'chiuno sangathawe nkhani. Woyamba anali mayi wogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu, wamasiye wa lilime lakuthwa, amene anabweretsa zidzukulu ziwiri kudzayezetsa yunifolomu.

"A Telala, mahampu athu aja afika pati? Ine ndinadinda chala changachi, inki mpaka lero sinachoke."

"Munadinda? Hmm. Munawerenga zimene munadindazo?"

"Ndiwerenga ndi maso ati? Mng'ono wanu anandiwerengera."

"Chabwino. Ine sindinanene kanthu. Tukula mkono, mwana iwe. Kungoti nyengo ino ya chisankho mayina ndi malonda. A chipani china chija akufuna mndandanda woonetsa kuti ali ndi anthu kuno. Koma ine sindinanene kanthu, mayi. Ndi m'bale wanga."

Mayiyo anatuluka milomo ili yothina, ndipo pofika madzulo nkhaniyo inali itagulitsidwa limodzi ndi nthochi.

Sabata imeneyo sukulu inali pafupi kutsegulidwa, ndipo mayunifolomu anaunjikana mpaka pawindo. Chizolowezi cha Telala chinali chakuti akayeza munthu, ankalemba miyeso pa kapepala n'kukabaya ndi pini pa nsalu yake. Lachiwiri kope lake la miyeso linatha, makasitomala ali pamzere. Anatsegula dilowa kufuna pepala, ndipo dzanja lake linagwera pa envelopu. Kuseri kwa masamba asanu ndi atatu aja kunali koyera.

Wakuba wochenjera akanachiotcha chikalatacho tsiku loyamba. Koma telala sataya kanthu. Munthu amene wasunga kansalu kochepa ngati khutu la mbewa kwa zaka zitatu, poti mwina kadzakhala chigamba, sangaotche pepala labwino. Anatenga sizasi yake yaikulu, napinda masambawo, n'kuwadula timapepala tofanana bwinobwino. Mayina mazana awiri ndi khumi ndi anayi anasanduka malo olembapo chiuno, phewa ndi kutalika kwa siketi.

Sukulu inatsegulidwa popanda hampu ngakhale imodzi. Kalipentala, ngakhale ena anali atayamba kumuyang'ana cham'mbali, anapempha mlamu wake chidutswa cha nsalu yofiira, nachikhomera ku kamtengo. M'mawa uliwonse ankatseka shedi yake kwa ola limodzi, n'kuima pakati pa msewu kuimitsa galimoto kuti ana awoloke. Telala ankamuona pawindo.

"Taonani," anatero kwa mkazi wake. "Mbendera wapeza kale. Chatsala ndi nyimbo."

"Ikanakhala mbendera ya chipani bwenzi mutaisita nokha," anayankha mayiyo.

Lachitatu la sabata yachiwiri kunagwa mvula yowaza, ndipo phula linaterera. Lole yodzaza matumba a simenti inatulukira pamtsetse. Kalipentala anakweza nsalu yake, ana asanu ali kale pakati pa msewu. Mabuleki analira, koma matayala anangotsetsereka. Iye anataya kamtengo, nakankha ana ndi manja onse awiri. Anayi anagwera m'ngalande, wachisanu anamukoka ndi kolala n'kumuponya kumbali, ndipo ngodya ya lole inamupeza iye mwini pa mkono wamanja.

Chilungamo chinenedwe: woyamba kufika anali Telala, tepi ikadali m'khosi, nsapato imodzi itatsala pakhomo. Ananyamula mng'ono wake monga ankachitira ali ana, akufuula kuti wina aimitse galimoto, ndipo misozi imene inatsika pa nkhope yake inali yeniyeni. Kuchipatala anauzidwa kuti mkono wathyoka pawiri, ndipo adokotala sanalonjeze kuti zala zidzagwiranso macheka monga kale. Tsiku limenelo Telala akanaulula, akanafunsidwa.

Koma nsanje ili ngati nsikidzi: ukaganiza kuti yatha, yangobisala mumsoko. Pofika tsiku lachiwiri, khonde la chipatala linkadzaza makolo, aphunzitsi, ngakhale a Khansala amene. Telala anabwerako nkhope ili gwaa.

"Ali bwanji alamu?" anafunsa mkazi wake.

"Ali bwino kuposa ine. Anthu ali pamzere ngati kuchigayo. Ana alemba mayina awo pa chikhakha chake. A Khansala anakhala m'mphepete mwa bedi, ine ndili chiimire ngati mlonda. Ndinamunyamula ndine, magazi ake anathera pa malaya anga, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene wanena kuti a Telala munachita bwino."

Mayiyo anamuyang'ana ngati mlendo.

"Bambo, mukusirira mkono wothyoka?"

"Sindinatero."

"Mwatero. Mukanakhala ndi mwayi bwenzi mutabwereka chikhakhacho kuti mukavale kumsonkhano."

Lachisanu masana, Telala atapita kukakonzetsa lamba wa makina, mkazi wake anayamba kusita mayunifolomu otsala. Ntchito yake inali yochotsa timapepala ta miyeso n'kutiponya m'chitini, ndipo m'mawa uliwonse ankatengamo pang'ono kuyatsira makala a simbi. Kapepala kena kanagwa chadodolido, kuseri kuli kumwamba. Atawerama kuti akatole, anaona theka la dzina lake, lolembedwa ndi dzanja lake lomwe, ndi nambala yachitatu pambali pake. Anakhutula chitini chonse pa thebulo, natembenuza kamodzikamodzi. Apa siginecha ya mphunzitsi wamkulu, apo chala cha inki chodulidwa pakati.

Telala atalowa anapeza thebulo lonse layalidwa, mkazi wake atakhala phee, manja ali pamiyendo.

"Tsekani chitseko, bambo, ana asamve. Ichi n'chiyani?"

"Ndi mapepala a miyeso."

"Tembenuzani."

Sanatembenuze. Anangokhala pa mpando wa makina.

"Munavala jekete," anapitiriza mayiyo, mawu ake ali pansipansi. "Ndinakusitirani ndine. Munakwera minibasi, ndinakuperekezani ndi maso, mtima uli mbee kuti mwamuna wanga wagonjetsa chiwanda chake. Munapita kuti?"

"Kukagula ulusi."

"Kukagula ulusi! Ndipo ine sabata ziwiri ndakhala ndikuyatsira makala mayina a anansi anga. Mwandiotchetsa ndi manja angawa pempho limene ndinasaina ndekha. Mwandilowetsa mu tchimo lanu osandipempha."

"Sindinadziwe kuti lole idzabwera."

"Ndani sanadziwe? Mbuzi zomwe zinadziwa! Chikalatacho chinalembedwa chifukwa tonse tinadziwa."

"Ngakhale ndikanatula, mahampu sakanamangidwa pa sabata ziwiri. Ngozi ikanachitikabe."

"Mwina. Zimenezo mukakambirane ndi Mlengi wanu. Koma za bodza lija loti alamu anagulitsa mayina, lole ikukhudzidwa bwanji? Mayi wa nthochi analitenga kuti? Ndinamva ndili pakona apa, ndipo ndinadziuza kuti mwina mwamuna wanga akudziwa zimene ine sindikudziwa. Ndinali chitsiru."

"Mukufuna nditani? Madzi akatayika saoleka. Mawa kuli msonkhano kusukulu, a Khansala adzakhalapo. Ndikaime pamaso pa anthu amene ndawatsogolera zaka khumi ndi ziwiri ndinene kuti ndine wabodza? Ndani adzabweretsenso nsalu pano? Ana anu adzayenda bwanji mumsewu?"

"Adzayenda monga akuyendera ana a alamu lero, amene anzawo akuwanena kuti bambo awo ndi wogulitsa anthu. Madzi saoleka, n'zoona, koma mlandu suola."

"Ndiye mukandiulula?"

"Ayi. Manyazi a mwamuna wanga sindiwayanika pamsewu ngati zochapa. Pakamwa pamene panakana moni ndi pomwe padzaulule. Mukapanda kutero, ndidzapitiriza kukuphikirani ndi kukusitirani, koma dziwani kuti tsiku lililonse mudzadya moyang'anizana ndi munthu amene akudziwa."

Telala anatuluka. Ali panja anamva makina ake akulira, koma sanabwerere kukaona chimene mkazi wake ankasoka.

Loweruka masana holo ya sukulu inadzaza mpaka m'mawindo. Kutsogolo kunali thebulo loyalidwa nsalu, ndipo pamenepo panakhala a Khansala, mphunzitsi wamkulu, ndi Telala mu jekete yake ya misonkhano. Kalipentala, amene anali atatuluka m'chipatala dzulo lake, anakhala pa benchi yachiwiri, mkono uli pachifuwa. Mlamu wake anakhala kumbuyo pafupi ndi khomo.

A Khansala anaimirira, natsokomola.

"Abale anga, ndafufuza ku khonsolo, m'kaundula wa makalata ndi kwa mlembi wa komiti. Chikalata chochokera kuno sichinafike. Komiti inakumana, ndipo mahampu a chaka chino anapatsidwa madera awiri amene anapempha. Ife tinaoneka ngati anthu opanda vuto."

Holo inawira. Mayi wa nthochi anadzambatuka, chala chili m'mwamba.

"Ndiye chala changachi chinapita kuti? A Kalipentala, ndikulankhula ndi inu. Za ana athu tathokoza, mdzukulu wanga ali moyo chifukwa cha mkono wanuwo, sindikana. Koma ubwino wa Lachitatu sufufuta kuipa kwa Lolemba. Tamva kuti mayina athu munakawagulitsa ku chipani china. Mbendera yofiira ija inali yophimba manyazi kodi? Tiuzeni!"

"Ayankhe! Ayankhe!" anafuula ena.

Kalipentala anaimirira movutikira. Anayang'ana mkulu wake kamodzi kokha, ndipo m'maso mwakemo Telala anawerenga kuti mng'ono wakeyo wazindikira zonse. Liwu limodzi likanakwanira. Aliyense ankadziwa njira imene makalata amadzera, ndipo anangofunika wina woti awakumbutse.

"Abale," anatero Kalipentala, "dzina la munthu sindinagulitse, ndipo sindidzagulitsa. Koma amene anayenda khomo ndi khomo kukupemphani kuti musaine ndine. Udindo woonetsetsa kuti chikalata chafika unali wanga. Ngati sichinafike, mlandu ukhale pa ine. Ndilibe china chonena."

Anakhala pansi. Phokoso linakula, ndipo wina kumbuyo anafuula kuti wavomera. A Khansala anaweramira kwa Telala, nanong'ona:

"Ndinatsala pang'ono kulakwitsa, a wapampando. Ndinkaganiza zomupereka mng'ono wanuyu ku chipulula. Galu wamkota sakandira pachabe. Tibwerere kwa inu akale. Mudzandione Lolemba."

Amenewo ndiwo mawu amene Telala anawadikira zaka khumi ndi ziwiri. Anafika m'khutu mwake, ndipo sanakome. Thukuta linatsika m'khosi mpaka mu kolala. Anapisa dzanja m'thumba la jekete kufuna mpango, koma chimene anagwira chinali cholimba ndi chokhakhala. Anachitulutsira kunsi kwa thebulo, nachifunyulula pamiyendo.

Chinali chikalata chija. Timapepala tonse totsala tinali titalumikizidwa ndi ulusi wakuda, kamodzi ndi kanzake, ngati chofunda cha zigamba. Msokowo anaudziwa, poti makina ake okha ndiwo ankadumpha kamodzi pa misoko khumi iliyonse. Pamene panali timapepala totenthedwa, mkazi wake anasokererapo zidutswa za nsalu yofiira yomwe ija. Anakweza maso. Mayiyo sankamuyang'ana n'komwe. Ankayang'ana manja ake.

Telala anaimirira. Anthu anaganiza kuti wapampando atseka nkhani. Iye anazungulira thebulo, natsika pa nsanja, naima pansi pamene panali anthu onse, n'kutambasula chinthucho m'mwamba ndi manja awiri.

"Mayi wa nthochi, mwafunsa kumene chala chanu chinapita. Nachi apa. Chadulidwa pakati, ndipo kuseri kwake kwalembedwa chiuno cha mdzukulu wanu. Anachidula ndine, ndi sizasi yanga.

"Mng'ono wanga anabweretsa chikalatachi kwa ine nthawi ikadalipo, chili chathunthu. Sindinachidinde. Ndinavala jekete ino, ndinakwera minibasi inu mukuona, ndinakagula ulusi, n'kubwera kudzanama kuti ndatula. Kenako ndinafesa bodza loti iye wagulitsa mayina, ndipo ndinalifesa mwa inu, mayi, podziwa kuti mudzalinyamula. Pamene mukuona nsalu yofiira panali mayina a ena mwa inu. Anapsa m'nyumba mwanga.

"Musafune chifukwa chachikulu, palibe. Sanandilakwire kanthu. Galimoto ya a Khansala inaima pa shedi yake osati pakhomo panga, basi. Ndinaika ana anu pa sikelo limodzi ndi mpando, ndipo mpando unalemera. Ngakhale ali gone m'chipatala ndinamuchitira kaduka chifukwa cha anthu odzamuona. Lero wadziwa zonse, ndipo mwamva nokha mmene wasenzera mlandu wanga ndi mkono umodzi."

Anapisa m'thumba lina, natulutsa kachidindo, nakaika pa thebulo pamaso pa a Khansala.

"Ichi tengani, bwana, ndipo musachipatsenso munthu mphamvu yotsekera pempho la anthu m'dilowa. Lolemba sindibwera kwa inu. M'mawa ndidzakhala pamsewu ndi nsalu yofiira, ndipo ndidzaimapo tsiku lililonse mpaka mahampu adzamangidwe. Masana ndidzayenda khomo ndi khomo kupempha mayina amene ndinaotchetsa. Amene adzanditsekere chitseko adzakhala atachita bwino."

Mayi wa nthochi anali atagwira pakamwa ndi dzanja lomwe lija la inki. Telala anayenda mpaka pa benchi yachiwiri, naima pamaso pa mng'ono wake.

"Pali chinanso chimene ndinakukaniza. Unandipatsa moni katatu pakhomo panga, ine ndinayankha ndi makina. Ndadzuka, mng'ono wanga. Ndadzuka mochedwa. Kaya iwe?"

Anatambasula dzanja lake lamanja. Kalipentala analiyang'ana, kenako anayang'ana chikhakha chimene chinali pachifuwa pake, chodzaza mayina a ana.

"Ndadzuka, achimwene," anayankha motsitsa. "Koma dzanja loti ndikupatseni ndi limene lili umuli. Mudikira."

Telala sanabweze dzanja lake. Anaima pomwepo, lili chitambasulire, anthu onse akuona.